Kuchokera Pakhosi Kukafika Mumtima: Masiku Amene Timataya

Lero tikambirane za nthenda imene imayambira pakhosi pa mwana, n'kudzera m'mawondo, n'kukakhazikika mumtima. Madokotala amaitchula kuti rheumatic fever. Kumudzi timangoti mwana wagwidwa ndi nyamakazi, n'kumadabwa kuti nyamakazi yamupeza bwanji mwana wa Sitandade 4 pamene timaidziwa kuti ndi ya agogo. Nthendayi ili ndi mankhwala, ndipo ndi mankhwala akale, otchipa, odziwika kwa namwino aliyense. Chimene chikutilanda ana ndi kuchedwa.

Tiyambire pakhosi. Palibe mwana amene amakula osadwalapo zilonda zapakhosi, makamaka kukazizira mu Juni ndi Julaye, ana akamagona mothithikana m'chipinda chimodzi, kusukulu n'kukakhalanso modzadzana. Zilonda zambiri zimabwera ndi chimfine. Mwana akutsokomola, mamina akuchucha, mawu asasa. Zimenezo amayambitsa ndi mavairasi, ndipo zimatha zokha. Koma pali zina zimene amayambitsa ndi bakiteriya wotchedwa Streptococcus wa gulu A, amene amakonda ana a zaka 5 mpaka 15. Ameneyu sagogoda. Mwana amene m'mawa amathamanga ndi anzake, madzulo thupi latentha, nsima akuikana chifukwa kumeza kukupweteka, ngakhale malovu omwe. Mukamugwira m'khosi, m'munsi mwa nsagwada, mupeza mwanabere wotupa ndi wopweteka. Muyasamitseni, muunike ndi tochi ya pafoni: kukhosi kuli psuu, nthawi zina kuli timadontho toyera ta mafinya. Kutsokomola palibe, mamina palibe.

Msampha woyamba uli pomwepa. Zilonda zimenezi nazo zimapola zokha. Pakapita masiku atatu, anayi, asanu, mwana wadzuka, wadya, wabwerera kusukulu, ndipo mayi aliyense wanzeru anganene kuti Panado uja wagwira ntchito. Chimene sichioneka ndi chakuti mwa ana ena chitetezo cha m'thupi, polimbana ndi bakiteriya uja, chimasokonezeka. Khungu la bakiteriyayu lili ndi tizigawo tofanana ndi minofu ya mtima, ya m'malo olumikizira mafupa, ndi ya mu ubongo. Thupi limayamba kudzimenya lokha, ndipo zizindikiro zake zimatulukira patapita masabata awiri kapena atatu, aliyense ataiwala kale za khosi lija.

Zoti penisilini amadula njira imeneyi zinadziwika kalekale. Mu 1950, madokotala Floyd Denny, Lewis Wannamaker, Charles Rammelkamp ndi anzawo anasindikiza zimene anapeza pa asilikali a pamalo a ndege zankhondo a Warren, m'boma la Wyoming ku America. Kumeneko anyamata ankagona ambirimbiri m'nyumba imodzi, ndipo pa miliri yotere pafupifupi atatu mwa anthu 100 odwala zilonda zapakhosi osalandira mankhwala ankagwidwa ndi rheumatic fever. Amene anabayidwa penisilini ambiri anapulumuka. Mu 1954 gulu lomweli linapezanso chinthu chimene ndikufuna chikhale m'mutu mwa kholo lililonse: mankhwala amatetezabe mtima ngakhale ataperekedwa patapita masiku 9 chiyambireni zilonda. Masiku 9 ndi mpata wokwanira kupeza ya kabaza, kudikira kuti mtsinje uphwe, kudikira Lolemba. Ngakhale mwana ayambe kupeza bwino tsiku lachinayi, mpatawo ukadalipo, ndipo kupita naye kuchipatala sikutaya nthawi.

Mankhwala ake ndi jakisoni mmodzi wa benzathine penisilini, kapena mapiritsi a penisilini kapena amoxicillin akumwa masiku 10 osadumphitsa. Ndikubwereza dala, masiku 10. Timakapisozi tiwiri togula pagolosale, tomangidwa m'kapepala, timachotsa ululu wa lero koma bakiteriya amatsalira kukhosi. Bactrim amene timamudalira pa chilichonse sadalirika pochotsa bakiteriya ameneyu pakhosi. Mwana amene thupi lake limadana ndi penisilini ali ndi mankhwala ena, monga erythromycin, koma wosankha akhale wachipatala.

Tsopano tinene kuti masiku 9 aja adutsa. Mwana wadzuka m'mawa bondo latupa, latentha, sakufuna ngakhale chitenje chimukhudze. Thupi latenthanso. Kuchipatala amuyeza malungo, monga mwa nthawi zonse, ndipo n'zoyenera kutero. Akapezeka nawo amapatsidwa LA, akapanda kupezeka nawo amapatsidwa mankhwala opha ululu. Mawa lake bondo lija laphwa, koma tsopano akulira ndi kakolo. Mkuja ululu wasamukira pachigongono kapena pamkono. Kusamukasamuka kumeneku ndiko chizindikiro chachikulu cha rheumatic fever, ndipo ndi kumene kumapangitsa anthu kunena kuti mwana walumpha mankhwala panjira, chifukwa matenda wamba sayenda chonchi. Ndikumvetsa chifukwa chake mabanja amathamangira kwa asing'anga kukatemera mphini. Koma nthenda yoyendayenda m'mafupa mwa mwana wasukulu ili ndi dzina lake m'mabuku a zachipatala kuyambira kalekale. Mu 1944 dokotala wa ku Boston, T. Duckett Jones, analemba ndondomeko ya zizindikiro zoizindikirira, ndipo mpaka lero madokotala amaitchula ndi dzina lake. Mu 2015 ndondomekoyi inakonzedwanso ndi bungwe la American Heart Association, ndipo anavomereza kuti m'madera amene nthendayi ndi yofala, ngati kwathu kuno, bondo limodzi lotupa, kapena ululu wa m'malo angapo olumikizira mafupa popanda kutupa, n'zokwanira kuti dokotala aiganizire mozama.

Apa pali msampha wachiwiri, woposa woyamba uja. Kutupa kwa rheumatic fever kumamvera kwambiri aspirin ndi Brufen. Mwana amene dzulo amanyamulidwa kumsana, pakapita tsiku limodzi kapena awiri akuyenda yekha. Ndipo zoonadi mawondowo amachira osasiya chilema chilichonse. Koma mankhwala amenewa safika pa vuto la mtima. Banja limasangalala, buku lakuchipatala limabwerera m'chikwama litalembedwa kuti kuphwanya kwa thupi, ndipo palibe amene waika chomvera pachifuwa cha mwanayo. Inu makolo, mukafika pamaso pa adokotala musangoti mwana akumva kuphwanya. Nenani kuti, "Adokotala, ululuwu unayambira pabondo, wasamukira pakakolo, ndipo masabata atatu apitawo anadwala pakhosi. Chonde mumvereni mtima." Mawu amenewo akhoza kusintha zonse zimene zilembedwe m'bukumo. Ndiwonjezepo kuti bondo limodzi lotentha kwambiri likhoza kukhalanso ndi mafinya mkati, ndipo mwa ana ena ululu wa m'mafupa umachokera ku sickle cell. Zonsezi ndi zofunika chipatala tsiku lomwelo.

Pali maonekedwe ena a nthendayi amene amandimvetsa chisoni kuposa onse, chifukwa mwana amalangidwa nawo. Amabwera mochedwa, nthawi zina patapita miyezi ingapo, ndipo amakonda atsikana. Mtsikana amene ankalemba bwino, zolemba zake zayamba kukhotakhota, kutuluka m'mizere. Kapu ya tiyi ikumupulumuka m'manja. Pokhala sakhazikika, mapewa akugwedezeka, nkhope ikuchita ngati akusereula munthu, lilime likutuluka ndi kubwerera lokha. Amalira popanda chifukwa. Mukamuuza kuti akufinyeni zala, amafinya n'kumasula, kufinya n'kumasula, osatha kugwira nganganga. Akagona tulo zonsezi zimaleka. Kusukulu amamukalipira kuti ndi wamwano, kunyumba amati zamizimu. Dokotala wa ku England, Thomas Sydenham, anafotokoza zimenezi mu 1686, ndipo lero zimatchedwa Sydenham chorea. Kugwedezekako kumatha pakapita masabata kapena miyezi. Koma chizindikiro chimenechi pachokha n'chokwanira kunena kuti mwana wadwala rheumatic fever, ndipo ambiri mwa ana otere mtima wawo umakhala utakhudzidwa kale.

Mumtimamo chimachitika n'chiyani? Aliyense amene anapopapo madzi pamjigo akudziwa kuti pansi pake pali kavavu kamene kamalola madzi kukwera koma osabwerera. Kakatha, mumapopa mpaka thukuta, madzi akungobwerera pansi, ndowa osadzaza. Mtima uli ndi mavavu anayi otere, ndipo nthendayi imakonda kwambiri ya kumanzere yotchedwa mitral, kenako ya aortic. Ikatupa imayamba kudontha, magazi n'kumabwerera m'mbuyo. Kutupa kukatha pamatsala chipsera. Mwana akadwalanso pakhosi, chitetezo cha m'thupi chija chimakumbukira, chimamenyanso pomwe paja, chipsera chimawonjezeka. Patapita zaka, vavu ija imauma ndi kuchepa mpaka magazi kumadutsa movutikira. Nthawi zambiri kudwala koyamba sikumene kumaononga mtima kotheratu. Amaononga ndi maulendo obwereza, ndipo ena mwa maulendowo amadutsa mwakachetechete, popanda bondo lotupa.

N'chifukwa chake mwana amene wadwalapo rheumatic fever kamodzi amayenera kubayidwa benzathine penisilini masiku 28 alionse, ena masiku 21 alionse, kuti bakiteriya uja asapezenso malo. Si kwa miyezi ingapo ayi. Ngati mtima sunakhudzidwe, ndi zaka zosachepera 5 kapena mpaka atakwanitsa zaka 21, potengera chimene chili kutali. Ngati mtima unatupa, ndi zaka zosachepera 10. Ngati vavu inaonongeka, ndi mpaka atakwanitsa zaka 40, ena moyo wawo wonse. Mphamvu ya jakisoniyu m'magazi imapita ikuchepa sabata yachinayi ikamayandikira, choncho kuchedwa ndi sabata imodzi kapena ziwiri kumasiya mwana pambalambanda.

Mwina wina akuti nkhaniyi ndi ya ana owerengeka. Mu 2007, Eloi Marijon ndi anzake anasindikiza zimene anapeza pa ana asukulu a ku Maputo, kwa anansi athu ku Mozambique. Pomvera mtima ndi chomvera cha adokotala anapeza ana awiri okha mwa 1,000 alionse. Ataunika ndi makina a sikani ya mtima anapeza ana 30 mwa 1,000. Kuno kwathu, kafukufuku amene anatsogolera dokotala Amy Sanyahumbi, wosindikizidwa mu 2016, anaunika ana 1,450 a m'boma la Lilongwe, ndipo oposa atatu mwa 100 alionse anali ndi zizindikiro zoyambirira za kuonongeka kwa mavavu, iwo eni osadziwa kanthu. M'kalasi ya ana 100, amenewo ndi ana atatu. Padziko lonse anthu oposa 40 miliyoni ali ndi matenda a mtima ochokera ku nthendayi, ndipo oposa 300,000 amamwalira nawo chaka chilichonse, ambiri a iwo m'mayiko osauka.

Funso limene linatsala linali lakuti, ana opezeka msanga chonchi, jakisoni amawathandizadi? Yankho linachokera ku Gulu, kumpoto kwa Uganda. Kumeneko ofufuza, motsogozedwa ndi Andrea Beaton, anatsatira kwa zaka ziwiri ana pafupifupi 800 amene sikani inaonetsa kuti mavavu ayamba kukhudzidwa. Theka ankabayidwa masabata anayi alionse, theka ayi. Mwa obayidwa, matenda anakula mwa ana atatu okha. Mwa osabayidwa, anakula mwa ana 33. Zimenezi zinalengezedwa kumapeto kwa 2021. Ine ndikamva ziwerengero zimenezi sindiona chifukwa chilichonse chomveka choti mwana wa ku Mchinji kapena ku Nsanje aphonye jakisoni wake.

Koma tinene zoona, jakisoni ameneyu ndi wowawa. Ndi ufa umene namwino amausungunula, n'kukhala madzi oyera, olimba, amene akachedwa pang'ono amatseka singano. Amabayidwa mkati mwa mnofu wa thako, pang'onopang'ono, ndipo malowo amapweteka masiku awiri kapena atatu. Mwana wa zaka 10 amene sakumva kudwala kulikonse, mumuuze kuti mwezi ndi mwezi aziyenda mtunda wautali kukalandira ululu umenewu, ajombe kusukulu, mayi ake asiye kumunda. Pofika zaka 15 ambiri amangosiya, ndipo sindingawaweruze. Pali njira zochepetsera ululuwo: kusungunula mankhwala ndi lignocaine, kufunditsa botolo m'manja lisanabayidwe, kubaya mosathamanga. Izi n'zazing'ono koma ndi zimene zimabweza mwana mwezi wamawa.

Anamwino ena nawo amauopa jakisoniyu, chifukwa anamvapo kapena anaonapo wodwala akukomoka atangobayidwa. Mantha amenewa sitiyenera kuwanyoza. Kudana ndi penisilini koopsa kumachitika, koma mwa apo ndi apo kwambiri. Mu 2022 bungwe la American Heart Association linachenjeza kuti imfa zambiri zotere zimaoneka mwa odwala amene mavavu awo anaonongeka kale kwambiri, mtima wofooka ukalephera kupirira kutsika kwadzidzidzi kwa kuthamanga kwa magazi. Linalangiza kuti odwala otere akhoza kupatsidwa mapiritsi m'malo mwa jakisoni, ndipo ena onse azidya ndi kumwa madzi asanabayidwe, azibayidwa atagona, asamadzuke msanga. Taonani mmene kuchedwa kumapwetekera kawiri: mwana wopezeka msanga jakisoni amamuteteza bwino, koma wopezeka mochedwa ngakhale chitetezo chomwecho chimafuna kusamala.

Apa ndiye ndili ndi mawu kwa akuluakulu a zaumoyo. Dziko lino linaphunzira kutsata munthu womwa ma ARV. Pali kaundula, pali tsiku lobwerera, ndipo munthu akajomba pali womuimbira foni kapena kumulondola kumudzi. Pa TB tinachitanso chimodzimodzi. Mwana wa jakisoni wa mwezi ndi mwezi akufunika zomwezo: dzina lake m'kaundula wa pachipatala chaching'ono chapafupi, mankhwala osasowa pashelefu, ndi mlangizi wa zaumoyo wodziwa kuti mwana uje sanabwere mwezi uno. M'mwezi wa Meyi 2018 mayiko a m'bungwe la World Health Organization anagwirizana ku Geneva kuti alimbane ndi nthendayi. Ku Neno, ndondomeko yotchedwa PEN-Plus inaonetsa kuti madokotala ndi anamwino a pachipatala cha boma laling'ono akhoza kuphunzitsidwa kuunika mtima ndi kusamalira odwala otere, osadikira ulendo wa kuzipatala zazikulu za Queens kapena Central. Dziko la Cuba, m'chigawo cha Pinar del Río, linachepetsa kwambiri nthendayi pakati pa 1986 ndi 1996 pogwiritsa ntchito kaundula, penisilini ndi kuphunzitsa anthu. Sanadikire mankhwala atsopano.

Nanga amene tawaphonya, amathera kuti? Kafukufuku wotchedwa REMEDY, amene anatsogolera Bongani Mayosi ndi Liesl Zühlke a ku University of Cape Town, anatsatira odwala 3,343 m'mayiko 12 a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, komanso ku India ndi Yemen. Theka la odwalawo anali a zaka 28 kapena kucheperapo, ndipo awiri mwa atatu alionse anali akazi. Pomwe zaka ziwiri zimatha, pafupifupi 17 mwa 100 alionse anali atamwalira. Amenewa ndi anthu a msinkhu wokwatira, wolima, wolera ana.

Mukhoza kumuzindikira munthu wotere pamudzi. Mtsikana amene kale ankasenza ndowa kuchokera kudambo osapuma, tsopano amaitula kawiri panjira. Usiku sagona chagada, amasanjikiza zovala kumutu kapena kugona chokhala atatsamira khoma, chifukwa akagona pansi mpweya umamuthera. Mapazi atupa, nsapato sizikulowa. Amatsokomola usiku, nthawi zina makhololo a magazi, ndipo amayezedwa TB kangapo osaipeza. Mtima ukayamba kugunda mosalongosoka, magazi amaundana mkati mwake, kachibulumwa n'kuthawira ku ubongo, munthu wa zaka 25 n'kufa ziwalo mbali imodzi. Pamenepa penisilini sangabwezenso vavu. Mapiritsi okodzetsa amachepetsa madzi m'thupi, ena amakhazika mtima pansi, koma chotsala ndi opaleshoni. Kwa Amalawi ambiri opaleshoni ya vavu imatanthauza kudikira pamndandanda wopita kunja, kawirikawiri ku India, ndipo si onse amene amafika tsiku lonyamuka. Wopatsidwa vavu yachitsulo amamwa warfarin moyo wake wonse, n'kumayezetsa magazi pafupipafupi, chifukwa mankhwalawa akachepa magazi amaundana, akachuluka munthu amataya magazi.

Ndimalize ndi amayi, poti ndi amene nthendayi imawapeza pa nthawi yoopsa kwambiri. Mayi akakhala woyembekezera, magazi m'thupi mwake amawonjezeka ndi pafupifupi theka, ndipo mtima umagunda mofulumira. Vavu yochepa imene inkapirira ntchito za tsiku ndi tsiku imalephera kudutsitsa magazi onsewo, madzi n'kudzaza m'mapapo. Atsikana ambiri amadziwa koyamba kuti ali ndi vuto la mtima ali ndi pakati pa miyezi 6 kapena 7, ena pa tsiku lochira kapena masiku otsatira. Choipa n'chakuti kupuma movutikira ndi kutupa mapazi timaziona ngati za pakati basi, ndipo azakhali amangoti limbikira mwanawe, tonse tinadutsamo. Koma mayi woyembekezera amene akulephera kugona chagada, amene akudzuka usiku kufunafuna mpweya, amene akutsokomola magazi kapena mtima ukuthamanga ali chikhalire, ameneyo apite kuchipatala lero, ndipo akapemphe kuti amuunike mtima.

Inu anankungwi, inu azakhali, inu apongozi, mtsikana amene ali mwana anadwalapo nyamakazi yoyendayenda, kapena kugwedezeka kuja, kapena anabayidwapo jakisoni wa mwezi ndi mwezi, aunikidwe mtima asanatenge pakati. Ngati watenga kale, akanene mbiri imeneyi tsiku loyamba lomwe kusikelo, ndipo akachirire kuchipatala chachikulu. Jakisoni wa penisilini saononga mwana wam'mimba, choncho asausiye. Warfarin ndiye akhoza kuvulaza mwanayo, makamaka miyezi itatu yoyambirira, koma kumusiya mwadzidzidzi n'koopsanso kwa mayi wa vavu yachitsulo. Amene akumwa mankhwalawa akambirane ndi adokotala za kulera asanaganize zotenga pakati, ndipo abambo a m'nyumbamo apite nawo limodzi kukamva okha.